Liŵiro la Kompyuta ndi Dzuŵa la Okutobala

Nkhani ya lero ikukhudza amisiri achinyamata a mumzinda wa Blantyre amene amadzimangira okha makompyuta. Iwoŵa amagula zipangizo chimodzichimodzi ku Limbe kapena pakati pa mzinda, nakazilumikiza kunyumba kwawo ku Ndirande, Chilomoni kaya Bangwe. Popeza zipangizozi n'zochokera kunja ndipo mtengo wake ngwokwera, ena amakakamiza purosesa, umene uli ubongo wa makinawo, kuti ithamange kupyola muyeso umene eni ake anaika. Pa Chingerezi amati overclocking.

Lusoli silachilendo. M'chaka cha 1998 kampani ya Intel inatulutsa purosesa ya Celeron 300A ya liŵiro la 300 MHz, ndipo anthu ambiri anaifikitsa pa 450 MHz. Masiku ano zimatheka pa mapurosesa a Intel okhala ndi chilembo K kumapeto, ndiponso pa a AMD Ryzen ambiri. Liŵiro limapezeka pochulukitsa 100 MHz ndi nambala yopezeka mu BIOS, malo osungira malamulo oyamba a makinawo: 40 ipereka 4.0 GHz, pamene 45 ipereka 4.5 GHz.

Vuto limabwera motere. Mmisiri amakweza liŵiro m'mwezi wa Juni, chiperoni chili m'kati, ndipo zonse zimayenda bwino. Pofika Okutobala kompyuta ija imayamba kuuma kapena kuzima yokha, kanema wa ukwati wa eni ake ali pakati. Chifukwa chake n'chakuti liŵiro lochuluka limafuna magetsi ochuluka, ndipo magetsiwo amasanduka kutentha. Fani siingaziziritse purosesa kuposa mpweya wa m'chipindamo, tsono m'nyumba ya malata masana a chilimwe, fumbi litatseka timipata, ntchito yake imachepa mphamvu. Mapurosesa ambiri a Intel akafika pa madigiri 100 amadzibweza okha liŵiro kuti asapse.

Nanga mmisiri achite chiyani? Kompyuta ikakaniratu kuyaka, azule chingwe kukhoma, achotse kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo, nakabwezeretse. Kutero kumafafaniza zonse anasintha. Kenaka apukute fumbi, apakenso mafuta oyenera otchedwa thermal paste pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa. Akatero akweze nambala ija kamodzikamodzi, osasintha zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi, chifukwa akatero sangadziŵe chimene chalakwika. Pa sitepe iliyonse ayese makinawo kwa maola angapo ndi pulogalamu ya Prime95, maso ali pa madigiri, ndipo RAM aiyese payokha ndi MemTest86. Mayeso oona ndi a masana otentha, osati a usiku.

Akumbukirenso kuti si kuzima konse kumene kumachokera ku purosesa. Magetsi akaphethira, kompyuta yopanda UPS imazima ngakhale ili yabwinobwino, ndipo akathima pamene BIOS ikulembedwa mwatsopano, bolodi lonse lingathe kufa.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Liŵiro loonjezera pang'ono silingalipire purosesa yopserera kapena ntchito ya mwini wake yotayika. Mmisiri wanzeru amasankha liŵiro limene makina ake angapirire nalo mu Okutobala, nakhala nalo chaka chonse.