Chaplin ndi Munthu Wantchito

Munandipempha kuti ndilankhule za ntchito. Ine ndasankha kukamba za munthu amene m'kanema sankalankhula: Charlie Chaplin, wa kachipewa, kandodo ndi chinsapato chachikulu uja.

Chaplin anabadwira ku London m'chaka cha 1889, ndipo umphawi sanachite kuumva kwa ena. Ali ndi zaka 7 analowa m'nyumba yosungiramo amphawi ku Lambeth, ndipo amayi ake anadwala misala. N'chifukwa chake njala ya m'mafilimu ake ndi njala yeniyeni. Mu The Gold Rush ya 1925 akuphika nsapato, naiika m'mbale, n'kumayamwa misomali yake ngati mafupa a nkhuku. Timaseka, inde. Koma taonani bwino: akudya ndi foloko ndi mpeni, atakhala mwaulemu ngati bwana pahotela. Amene anafikapo pa 20 mwezi m'nyumba mulibe ndiwo, koma m'mawa n'kusita malaya ndi kumanga tayi, akumudziwa munthu ameneyu.

Filimu imene ndikufuna muionenso ndi Modern Times ya 1936. Inatuluka America ikuvutikabe ndi kugwa kwa chuma kwa 1929. Pofika 1933 munthu mmodzi mwa antchito anayi alionse analibe ntchito. Chaplin ali m'fakitale, akumanga mabawuti pa lamba wosaima, mpaka manja akungogwedezeka okha ngakhale ataweruka. Akubwera anthu ndi makina omudyetsa, kuti asatayenso nthawi ndi nkhomaliro. Akapita kuchimbudzi kuti apumeko, nkhope ya bwana ikutulukira pakhoma n'kumulamula kubwerera kuntchito.

Apa mpamene pali nkhani. Mafilimu olankhula anali atayamba kale mu 1927, ndipo Chaplin akanatha kulankhula. Koma m'fakitale muja mawu anawapereka kwa bwana ndi kwa makina, wantchito n'kukhala duu. Lero bwana sasowa khoma. Foni ili m'thumba mwanu, ndipo imalira ngakhale Lamlungu.

Ambiri a ife muno tsopano tili mbali ya bwanayo. Tili ndi mlonda, wantchito wam'nyumba, mesenjala, munthu wa ganyu kumunda. Ine ndimagwira m'boma, ndipo ndimaona kuti fayilo ya penshoni ikachedwa miyezi, kwa ife ndi pepala chabe. Chaplin sanatiseketse ndi mmphawi. Anatiseketsa ndi zimene mmphawi amachitiridwa. Pena m'filimuyi akupempha kuti asamutulutse m'ndende, poti kumeneko kuli chakudya ndi pogona. Pamenepo kuseka kumathera pakhosi.

Ndikupempha komiti kuti tikadzapita kukacheza kusukulu kwathu, tikaonetse ana a Fomu 4 filimu imeneyi. Ndi ya mphindi 87 zokha, ndipo sifuna womasulira.