UDOKOTALA SI WA ANA A MABWANA OKHA

Awa ndi mawu amene mtolankhani wathu adayankhula kwa ophunzira ndi makolo pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Mulanje.



A hedimasitala atandiitana kuti ndidzayankhule za maphunziro apamwamba ndi udokotala, ndidayamba ndaseka. Ndidawafunsa kuti kodi madokotala atha m'boma muno kuti muitane mtolankhani amene adasiyira yunivesite panjira ali chaka chachiwiri? Iwo adati madokotala ali pa ntchito, mizere ya odwala ndi yaitali, ndipo amene adagwerapo m'dzenje ndiye amadziwa pomwe lili. Ndiye ndabwera. Digiri ndilibe. Ndili ndi nkhani ziwiri, ina ya munthu amene adafika, ina yanga.

Ndikakufunsani kuti Mmalawi woyamba kukhala dokotala adali yani, ambiri muyankha kuti Kamuzu Banda. Nanenso ndidakula ndikudziwa choncho. Koma Dr. Banda adamaliza udokotala ku Meharry Medical College, mu mzinda wa Nashville ku America, mu 1937. Pa sukulu yomweyo padali patadutsa kale mwana wina wa kuno kwathu, amene adamaliza mu 1917, zaka 20 Kamuzu asanalandire pepala lake. Dzina lake ndi Daniel Sharpe Malekebu, wa ku Chiradzulu. Mukamapita ku Limbe pa minibasi mumadutsa m'boma la kwawo.

Malekebu adali mwana wa sukulu ku Mbombwe, pa mishoni ya Providence Industrial Mission imene adayambitsa mbusa John Chilembwe mu 1900. Pa mishonipo padabwera mayi wina wakuda wa ku America, Emma DeLany, kudzathandiza kuphunzitsa, ndipo mnyamatayu ankawagwirira ntchito zapakhomo. Mayiwa atabwerera kwawo, iye adafuna kuwatsatira kuti akaphunzire, koma makolo ake adakana. Ndipo sindiwadzudzula makolowo. Masiku amenewo akuluakulu ankakumbukira bwino lomwe za anthu amene adatengedwa kupita kunyanja yamchere osabweranso.

Mnyamatayo adathawa. Adayenda pansi, makilomita mazanamazana, mpaka ku doko la Beira ku Mozambique. Kumeneko adapeza ntchito m'sitima ya pamadzi, nafika ku London, kenako ku New York. Adaphunzira ku Selma m'dera la Alabama, adapita ku Durham ku North Carolina, kenako ku Meharry. Taganizani: zaka zambiri za kudya kwa eni, m'dziko limene munthu wakuda ankamusankhira pokhala m'sitima ndi pomwera madzi.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ambiri akamasimba nkhaniyi amathera pa digiri n'kuomba m'manja. Malekebu ali kunja, mu Januwale 1915, Chilembwe adaukira atsamunda chifukwa cha thangata ndi nkhanza za m'maesiteti, komanso kutenga anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu. Tchalitchi cha ku Mbombwe chidagumulidwa ndi mabomba, ndipo Chilembwe adawombedwa pa 3 Febuluwale kuno kudera la Mulanje, akulowera kumalire a Mozambique. Malekebu atabwera mu 1921, ali dokotala, ali mbusa, ali ndi mkazi wake Flora, boma la atsamunda lidamukaniza kukhala m'dziko lake lomwe. Ankaopa kuti wabweranso Chilembwe wina. Taganizani: dziko lodzaza malungo ndi zilonda, likubweza dokotala pachipata! Adakakhala ku South Africa, kenako ku Liberia, mpaka mu 1926 pamene adamulola kubwera kudzatsekulanso mishoni ija. Adamanganso tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Adamwalira mu 1978.

Nkhaniyi ndimaikonda, koma ndimaopa m'mene akuluakulu ena amaigwiritsira ntchito. Amati: "Mwaona? Uyu adayenda pansi, inu mukudandaula chiyani?" Ngati kuti mapazi okha ndiwo adamupatsa digiri. Ayi ndithu. Kutsidya kudali Mayi DeLany amene ankamudziwa dzina. Kudali mpingo wa National Baptist Convention umene udamugwira dzanja. Kamuzu yemwe, amene adayenda pansi kupita ku Rhodesia ndi ku Joni, adathandizidwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal kuti awoloke nyanja mu 1925. Onse awiri adali olimba mtima, inde. Koma onse awiri adatsekula pakamwa n'kunena kwa munthu kuti: ndikufuna kuphunzira ndipo ndilibe kanthu.

Ine mawu amenewo adandikanika.

Mayi anga adakhala zaka zambiri akuthyola tiyi pa esiteti ina kuno. Amene muli ndi makolo kumeneko mukudziwa: kudzuka kusanache, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kenako kukaimika dengulo pa sikelo kapitawo ali pambali. Nyengo ya mvula masamba ambiri, ndalama imaoneka. Chilimwe chikafika, ambiri amawauza kuti adikire kaye kunyumba. Fizi yanga ya ku sekondale idachokera m'dengu limenelo, ndi ku nanazi amene tinkagulitsa m'mbali mwa msewu. Ndinkafuna udokotala kuyambira tsiku limene mlongo wanga wamng'ono adakomoka ndi malungo, ife n'kumunyamula pa njinga usiku, ndipo ndidaona munthu wovala zoyera akumubwezera moyo ndi botolo la madzi lopachika pa chitsulo.

Koma sukulu yathu idalibe labotale. Chemistry tinkaiphunzira ngati nthano: aphunzitsi ankajambula botolo pa bolodi n'kutiuza kuti madzi asintha mtundu, ife n'kuvomera. Mayeso a Fomu 4 ndidakhoza bwino, koma sayansi idandigwetsa pang'ono, ndipo udokotala sudikira munthu amene wagwa pang'ono. Adandisankha kukachita maphunziro ena. Kumudzi kudali nthungululu, mbuzi idafa.

Palibe amene adandiuza kuti kusankhidwa ndi chiyambi chabe cha kulipira. Kupatula fizi, pali lendi ya chipinda, chakudya, kusindikiza mapepala, thiransipoti. Chaka choyamba ndidakhalira chigumu ndi madzi, ndikumanamiza anzanga kuti ndadya kale kwa achibale. Mapepala opempha ngongole ndidawatenga mochedwa, chifukwa ndinkachita manyazi kukaima kwa a mfumu ndi kwa akuluakulu ena kuti andichitire umboni woti kwathu ndife osauka, pomwe mudzi wonse udali utandivinira ngati bwana. Chaka chachiwiri mayi adadwala msana, dengu lidaima. Ndidanyamula chikwama Lachisanu lina ngati ndikupita kukaona odwala, ndipo sindidabwerereko. Sindidatsanzike ngakhale kwa mphunzitsi mmodzi. Patapita chaka ndidakumana ndi mmodzi wa iwo m'tauni, ndipo adandifunsa funso limene limandipwetekabe: "Bwanji sudanene?"

Sindikunena kuti mlandu wonse ndi wanga. Dziko limene mwana wa wothyola tiyi amalemba mayeso amodzimodzi ndi mwana wa bwana, wina atagwirapo maikulosikopu, wina atangoiona pa chithunzi, lili ndi mlandu wake. Zimenezo timalemba m'nyuzipepala ndipo tipitiriza kulemba. Aphungu akabwera kudzapempha mavoti, makolo afunseni za labotale musanalandire nsalu. Koma inu a Fomu 4 mayeso anu sadikira kuti dziko likonzeke.

Choncho tiyeni tikambe za njira. Inu simufunika kuyenda pansi mpaka ku Beira. Kuyambira 1991 dziko lino lili ndi sukulu yakeyake ya udokotala, College of Medicine ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Kale onse ofuna udokotala ankapita kunja. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Amene akuchokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chokonzekera, kenako zaka zisanu za udokotala weniweni, ndipo akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa m'zipatala zikuluzikulu asanaloledwe ndi Medical Council of Malawi kuima paokha. Masamu, Biology, Chemistry, Physics ndi Chingerezi ndiwo makiyi. Ndipo ndondomeko ya kota, yosankha ana motengera boma lochokera, idathetsedwa mu 2020, kotero mukupikisana ndi mwana wa ku Rumphi ndi wa ku Dedza pa mapointi.

Za ndalama, mu 2015 boma lidakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ndi ngongole, si mphatso, mudzabweza mukayamba ntchito. Si onse opempha amene amalandira. Koma amene sadapemphe, kapena wapempha tsiku litadutsa ngati ine, ameneyo ndiye alibe mwayi ndi pang'ono pomwe. Kalata yokusankhani ikangofika, tsiku lomwelo yambani kufunsa za mapepala amenewa. Pitani kwa a mfumu. Pitani kwa abusa, kwa a shehe, kwa ansembe. Umphawi wanu akuudziwa kale, amauona tsiku ndi tsiku mukamadutsa ndi nsapato zong'ambika.

Ndipo chipata si chimodzi. Ichi ndikadachidziwa ndili ndi zaka 18, mwina lero bwenzi ndili ndi jakisoni m'manja m'malo mwa cholembera. Ku Malamulo, ku Thyolo kuno, amaphunzitsa ma clinical officer. Ku Malawi College of Health Sciences chimodzimodzi. Pa Mulanje Mission pomwepa pali sukulu ya anamwino ndi azamba, ndipo ina ili ku Holy Family ku Phalombe. Anthu ena amazinyoza sukuluzi, amati ndi za olephera. Apite akaone amene amachita opaleshoni ya amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma usiku pakati. Nthawi zambiri ndi clinical officer. Mtsikana wina amene tinkakhala naye benchi imodzi, amene ndinkamuposa m'kalasi, adalowera njira imeneyi pamene ine ndinkadzitama ndi dzina la yunivesite. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri n'kudula misewu ndi milatho, ine ndidapita kukalemba nkhani. Ndidamupeza iye atavala majombo, akusoka mabala a anthu. Ine ndinkawerenga mitembo. Tidapatsana moni, sitidacheze, adalibe nthawi. Pano akusunga ndalama kuti akawonjezere maphunziro.

Kwa inu makolo, mawu amodzi. Mwana akasankhidwa, mbuzi ija musaphe. Igulitseni, ndalamayo mumusungire ya lendi ya miyezi yoyamba. Ndipo akabwera pa holide ataonda, akunena kuti zonse zili bwino, mufunseni kawiri. Mayi anga adandifunsa kamodzi, ndidawanamiza, ndipo adandikhulupirira chifukwa ankayesa kuti wophunzira sanama. Akhala kumbuyo uko, avala mpango wobiriwira. Zina mwa zimene ndanena pano akuzimva koyamba lero.

Tikabalalika ndikhala pansi pa mtengo wa mango uwo mpaka 4 koloko. Ndabwera ndi mayina a sukulu zonse ndatchulazi ndi maphunziro amene iliyonse imafuna. Amene akufuna kukopera abwere ndi cholembera, ndipo amene akuchita manyazi atume mnzake.