Sipuni ya Tiyi Si Muyezo wa Mankhwala

Mau a gulu loyendera odwala, okambidwa pa cikondwerero ca zaka 50 za mpingo wathu

 Ife amene taima pano ndife a gulu loyendera odwala m'makomo. Ena mwa ife tinagwirapo nchito ya unamwino, ena ndife aphunzitsi, ena ndife alimi. A komiti ya cikondwerero anatipempha kuti tikambeko za umoyo. Nkhani za umoyo n'zambiri, sitingazithe lero, conco tasankhapo imodzi cabe: kapimidwe ka mankhwala akumwa. Pa thebulo apa mukuona masipuni, kakapu ndi sirinji yopanda nyeleti. Izi ndizo tikambepo.

Tiyambe ndi zimene tinapeza pa khomo lina caka catha. Ambuya ena a mumpingo muno amalera mdzukulu wao wa zaka ziwiri, popeza amake ali pa nchito ku Lusaka. Mwanayo anadwala cibayo. Ambuya sanacedwe, anamubereka mpaka ku kiliniki, ndipo anapatsidwa botolo la amoxicillin wamadzi. Anauzidwa kuti azimumwetsa masipuni awiri m'mawa ndi awiri madzulo kwa masiku asanu. Sanaphonye tsiku ngakhale limodzi. Koma titawayendera pa tsiku lacisanu, tinapeza mwana akali kupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati. Botolo la 100 ml lija linayenera kutha tsiku lomwelo, koma linali pa theka. Titapempha kuona sipuni, ambuya anabweretsa kasipuni kothirira shuga, ndipo anati sankakadzaza poopa kuti mankhwala angatayike. Kwa masiku asanu mwana ankalandira theka la mlingo wake. Tinapita naye ku cipatala tsiku lomwelo ndipo anagonekedwa. Lero ali bwino, mwina ndi mmodzi mwa ana amene akuthamanga panjapa.

Ambuya aja sanalakwe. Ngati pali olakwa, ndife amene tinagwira nchito ya unamwino, cifukwa kwa zaka zambiri takhala tikuuza anthu kuti "sipuni imodzi, masipuni awiri" ngati kuti masipuni onse ndi ofanana. Sipuni imene anamwino amatanthauza ndi ya 5 ml ndendende. Sipuni ya m'nyumba inapangidwira tiyi ndi phala, ndipo palibe amene anaipima. Mu 2010, madokotala a ku Greece anasonkhanitsa masipuni a tiyi 71 m'makomo a anthu n'kuwapima. Laling'ono kwambiri linalowa 2.5 ml, lalikulu kwambiri 7.3 ml. Ndiye kuti amayi awiri atauzidwa mau amodzimodzi, wina angamwetse mwana wake mankhwala oculuka pafupifupi katatu kuposa mnzake. Ndipo amene watenga sipuni yaikulu yodyera, imene muyezo wake ndi 15 ml, wapereka milingo itatu nthawi imodzi. N'cifukwa cake mu 2015 bungwe la madokotala a ana ku America linalangiza kuti mankhwala amadzi a ana azilembedwa m'mamililita okha, osati m'masipuni.

Kupima si cinthu cacilendo kwa ife. Pa msika timayang'anitsitsa ngati meda yadzaza. Pogulitsa cimanga, maso athu sacoka pa sikelo mpaka thumba likwane 50 kg. Pothira feteleza timadziwa kuti wocepa sabereketsa, woculuka amaocha mbewu. Popopera thonje kapena kusambitsa ng'ombe timawerenga muyezo wa pa botolo. Nanga bwanji tikafika pa mwana wathu timangoyerekeza ndi maso? Mankhwala akacepa, matenda satha, ndipo tizilombo totsala timazolowera mankhwalawo, mwakuti ulendo wina sagwiranso nchito. Akaculuka, amasanduka poizoni.

Cipangizo coyamba copimira mankhwala a mwana ndi sikelo. Mlingo wa ana umawerengedwa potsata kulemera kwao, osati zaka zokha, pakuti ana awiri obadwa mwezi umodzi angasiyane ndi makilogalamu atatu kapena anai. Tengani citsanzo ca paracetamol, amene ambiri timangoti Panado. Mwana amapatsidwa 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pakapita maola anai mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira kanai pa tsiku. Mwana wa 10 kg afunika 100 mpaka 150 mg. Conco popita ku kiliniki musaiwale khadi la ku sikelo, ndipo ngati papita miyezi mwana asanapimidwe, pemphani kuti amupime asanamulembere mankhwala.

Pamenepa pali msampha umene tifuna muudziwe. Mabotolo a dzina limodzi sakhala ndi mphamvu imodzi. Pali paracetamol wamadzi wa 120 mg mu 5 ml, ndipo palinso wa 250 mg mu 5 ml wa ana okulirapo. Kwa mwana wa 10 kg uja, 5 ml ya botolo loyamba ndi mlingo wabwino. Koma 5 ml ya botolo laciwiri yapitirira kawiri. Paracetamol woculuka amaononga ciwindi, ndipo coopsa n'cakuti tsiku loyamba mwana angaoneke ngati ali bwino. Amoxicillin nayenso alipo wa 125 mg ndi wa 250 mg mu 5 ml. Musanene kuti "ulendo watha tinamwetsa motere". Botolo lililonse latsopano liwerengedwe mwatsopano. Komanso mankhwala ambiri a cimfine ali kale ndi paracetamol mkati, conco musawaphatikize ndi Panado musanafunse.

Cipangizo caciwiri ndi sirinji iyi. Ilibe nyeleti, ndi ya pakamwa, ndipo pa zipangizo zonse za mankhwala amadzi ndiyo imapima molondola kwambiri. Kagwiritsidwe kake ndi aka. Khutchumulani botolo kaye, cifukwa mankhwala ena amadikha pansi. Kokani mankhwala mpaka mutu wa kandodo kokankhira ufike pa mzere wa nambala imene munauzidwa. Mukaona thovu la mpweya mkati, bwezerani mankhwala m'botolo, mukokenso. Mwana akhale tsonga pa miyendo panu, asagone cagada. Lowetsani nsonga ya sirinji m'mbali mwa tsaya, mukankhe pang'onopang'ono, mumupatse mpata womeza. Musafaire pa mmero ndipo musamutsine mphuno, angatsamwe mankhwala n'kulowa m'mapapo. Mukatha, solorani kandodo, mutsuke ndi madzi aukhondo, muumitse. Manambala akafufutika, sirinjiyo yatha nchito, pemphani ina.

Yang'anitsitsani kadontho ka pakati pa manambala. 0.5 ml ndi theka la mililita imodzi, pamene 5 ml ndi kuculukitsa kakhumi. Makanda amapatsidwa timilingo tating'ono kwambiri. Mwacitsanzo, mankhwala oteteza khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kacilombo ka HIV amapimidwa pa mililita imodzi kapena imodzi ndi theka. Palibe sipuni m'nyumba mwathu imene ingapime zimenezo. Mankhwala ena a makanda amabwera ndi kodonthezera kake. Gwiritsani nchito komweko, musabwereke ka botolo lina, pakuti madontho sakhala ofanana.

Cacitatu ndi kakapu kamene kamabwera pa citsekero ca botolo. Kakapu ndi kabwino kwa ana okulirapo ndi akuluakulu. Kaikeni pa thebulo, muwerame mpaka diso lilingane ndi mzere, ndiye muthire. Mukakagwira m'manja n'kuyang'ana kucokera pamwamba, kawirikawiri mudzathira mopitirira. Mlingo ukacepera 5 ml, siyani kakapu, tengani sirinji. Tikambeponso za mabotolo amene amabwera ndi ufa mkati. Mzere umene uli pa botolo nawonso ndi muyezo. Thirani madzi owiritsa amene azizira mpaka pa mzerewo, osapitirira ndi osapereweza, popeza madzi akaculuka mankhwala amasukuluka. Akasungunulidwa sakhalitsa. Asungeni pozizira, ndipo masiku olembedwa pa botolo akakwana, otsala atayidwe, asasungidwire mwana wina.

Nthawi zina paketi yeniyeniyo ndiyo copimira. Pamene mpingo uno unkayamba, malungo tinkaciza ndi chloroquine. Atasiya kugwira nchito, Zambia inakhala dziko loyamba mu Africa kusankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo m'dziko lonse. Mapaketi ake anakonzedwa potsata kulemera: wa 5 mpaka 14 kg amamwa piritsi limodzi pa nthawi, wa 15 mpaka 24 kg awiri, wa 25 mpaka 34 kg atatu, ndipo wa 35 kg kupita m'tsogolo anai. Amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo ulendo waciwiri umabwera patapita maola asanu ndi atatu kucokera pa woyamba. Amwere pamodzi ndi mkaka kapena cakudya ca mafuta monga phala la nsinjiro, kuti alowe bwino m'thupi. Tikagawa paketi imodzi kwa ana awiri, kapena kusiya pa tsiku laciwiri poona kuti thupi lazizira, taphwanya muyezo umene unapimidwa kale.

Pa nkhani ya kutsegula m'mimba, dziko lathu linaphunzitsako maiko ena. Mapaketi akale a madzi a moyo, aja a ORS, amafuna lita imodzi ya madzi, ndipo makomo ambiri alibe copimira lita. Madzi akacepa, mcere umaculuka ndipo ungamupweteke mwana. Akaculuka, mankhwala amafooka. Mu 2012, bungwe la ColaLife linayamba kuyesa Kit Yamoyo m'maboma a Katete ndi Kalomo. Mkati munali timapaketi ta ORS ta 200 ml, mapiritsi a zinc ndi sopo, ndipo coikamo cake cinali ndi mzere wopimira madzi okwanira kapaketi kamodzi. Mayi sanafunikenso kuyerekeza. Mu 2019 bungwe la WHO linaika ORS ndi zinc zolongedwa pamodzi pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika. Conco musanasungunule ORS, werengani pa paketi ngati ndi ya lita imodzi kapena ya 200 ml. Zinc apitirize kumwa kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegula kutaleka.

Aphunzitsi amene muli pano mwaonaponso ndodo ija imene azaumoyo amaimikapo ana a sukulu popereka mankhwala a likodzo. Msinkhu wa mwana ndiwo umaonetsa ciwerengero ca mapiritsi. Nayonso ndi copimira, conco tiuze ana kuti asasinthane kapena kugawana mapiritsi ao.

Sitikuiwala inu akuluakulu amene mumamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV tsiku ndi tsiku. Vuto lanu si sipuni, koma kuiwala ngati mwamwa kale. Ku famasi kuli timabokosi ta zipinda zisanu ndi ziwiri, cipinda cimodzi tsiku limodzi. Mukadzaza pa Sondo madzulo, cipinda copanda kanthu cidzakuuzani kuti lero mwamwa. Funsani kaye a ku famasi, popeza mapiritsi ena safuna kucotsedwa m'botolo kapena m'pepala lao. Mukaiwala, musamwe kawiri kuti mubwezere. Piritsi lithyoledwe pokhapo ngati adokotala anena, ndipo ena saloledwa kuthyola kapena kupera n'komwe.

Tikudziwa kuti ambiri amene amalera ana m'makomo mwathu ndi ambuya, ndipo ena maso anafooka, ena sukulu sanapite nayo patali. Zimenezi zisacititse manyazi. Pemphani anamwino kuti aike cizindikiro pa sirinji ndi colembera kapena kaselotepi pa mzere woyenera. Musanacoke pa windo la mankhwala, pimani inu eni ake iwo akuona, kuti ngati pali colakwika cikonzedwe pomwepo. Pa timapepala toikamo mapiritsi pamakhala zithunzi za dzuwa ndi mwezi zoonetsa nthawi. Akulu anati safunsa anadya phula. Ngati mwana wasanza atangomwa, kapena mwaona kuti mwapitiriza muyezo, musadikire kuti muone ngati adwale. Pitani naye ku cipatala msanga, botolo lili m'manja.

Tikupempha zinthu zitatu. Coyamba, lero mukafika kunyumba, sipuni ibwerere ku mbale, ndipo pafupi ndi mankhwala pakhale sirinji kapena kakapu ka manambala, pamalo amene ana safikapo. Caciwiri, mukauzidwa kuti "sipuni imodzi", funsani kuti ndi mamililita angati, ndipo awalembe pa botolo. Cacitatu, inu acinyamata amene maso anu akali akuthwa, thandizani ambuya anu kuwerenga mabotolo ndi kudzaza timabokosi ta mapiritsi. Ifenso a gulu loyendera odwala talonjezana kuti pa khomo lililonse sitidzangofunsa ngati wodwala akumwa mankhwala, koma tidzapemphanso kuona cimene akupimira.

Tikatha kudya, tidzakhala pa thebulo ili ndi madzi ndi masirinji. Bwerani mudzayese ndi manja anu, ndipo amene muli ndi sipuni m'cikwama mubwere nayo tidzaipime.