KUKWERA SITIMA YA PANYANJA PAMENE MUNTHU AKULANDIRA MANKHWALA A KHANSA



Nkhani yanga lero ndi ya funso limene lidagaŵanitsa banja lathu zaka zingapo zapitazo. Achemwali anga aakulu adapezeka ndi khansa ya m'maŵere. Atachitidwa opaleshoni, adayamba kulandira mankhwala amphamvu odzera m'diripi, chithandizo chimene madokotala amachitcha chemotherapy. Adauzidwa kuti adzalandira kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa milungu itatu iliyonse. Atalandira kachiŵiri, tsitsi litathothoka kale, adatiitana tonse nanena kuti, "Ine ndifuna kukwera Ilala, ndikaone Likoma." Kumeneko ndi kumene adayambira ntchito ya uphunzitsi ali mtsikana, ndipo padali patapita zaka 30 asadapondekonso.

Atsibweni athu adakana kwamtuwagalu. Iwo adati wodwala malo ake ndi pamphasa, ndipo kuti tikalola ulendowo tidzakhala ngati tawaponya dala m'madzi. Ana awo a achemwali adati mayi awo aloledwe, popeza palibe adziŵa za maŵa. Ine ndidasoŵa koima, chifukwa mbali zonse ziŵiri zinkalankhula mwa chikondi. Zimene ndidaphunzira pa mkangano umenewo ndizo ndifuna kugaŵana nanu, pakuti m'maboma athu onse muli mabanja amene akusamala wodwala khansa, ndipo wodwalayo nayenso amalakalaka kuyenda monga munthu wina aliyense.

Choyamba timvetse mmene mankhwalaŵa amagwirira ntchito. Thupi lathu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Khansa imayamba pamene maselo ena achulukana mosalekeza, osamveranso malamulo a thupi. Mankhwala a khansa amapha maselo amene akuchulukana msanga. M'chaka cha 1948, dokotala wa ku Boston, Sidney Farber, adaonetsa kuti mankhwala angathe kubweza khansa ya m'magazi mwa ana, ndipo kuyambira pamenepo mankhwala otere achuluka. Ena mwa iwo, monga vincristine, adachokera ku duŵa la ku Madagascar limene ambiri timabzala pakhomo. Kuno kwathu chithandizochi chimaperekedwa m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Vuto n'lakuti mankhwalaŵa sasiyanitsa bwino mdani ndi mwini mudzi. M'thupi mulinso maselo abwino amene amachulukana msanga: a tsitsi, a m'kamwa ndi m'matumbo, ndiponso a m'kati mwa mafupa mmene magazi amapangidwa. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo munthu amachita nseru. Koma choopsa kwambiri sichioneka ndi maso. Maselo oyera a m'magazi, amene timawatcha asilikali a m'thupi, amachepa. Pa mankhwala ambiri, asilikaliŵa amafika pochepetsetsa pakati pa tsiku la 7 ndi tsiku la 14 kuchokera pamene munthu walandira diripi, kenaka amayamba kuchulukanso m'mlungu wachitatu. Pa masiku amenewo wodwala angathe kuoneka wamphamvu, akuseka ndi kudya bwino, pamene mudzi wake ulibe alonda. Kachilombo kamene kwa inu ndi ine kangatipatse chimfine cha masiku aŵiri, kwa iye kangaloŵe m'magazi ndi kumupha m'maola oŵerengeka.

Pa chifukwa chimenechi madokotala ali ndi lamulo limene aliyense wosamala wodwala wotere ayenera kuliloŵeza pamtima. Kutentha kwa thupi kukafika madigiri 38, kapena wodwala akayamba kunjenjemera ndi kuzizidwa, apite kuchipatala nthaŵi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Kumeneko amayezedwa magazi ndi kupatsidwa mankhwala opha tizilombo odzera m'mtsempha, ndipo cholinga chimakhala chakuti awalandire lisadathe ola limodzi atafika. Kumwa panado ndi kudikira kuti kuche n'kuphimba moto ndi udzu.

Tsono taganizani za sitima ili pakati pa nyanja. Ilala idapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, idabwera kuno zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo idayamba kuyenda pa nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1951. Ulendo wake wochoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba ndi kubwerera umatha pafupifupi mlungu wathunthu. Amene adaikwerapo adziŵa kukoma kwake: mapiri a ku Usisya otsetserekera m'madzi, nyali za asodzi a usipa usiku, dzuŵa likutuluka cha ku Mozambique. Adziŵanso kuti m'kati mwake mumadzaza anthu, matumba a chimanga ndi madengu a nsomba, ndi kuti pa madoko ena sitima imaima patali, anthu n'kutsikira m'mabwato aang'ono, kenaka n'kuponda m'madzi pokafika kumtunda. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, nyanja siisunga nthaŵi ya munthu aliyense. Zonsezi kwa munthu wamphamvu ndi nkhani yokasimba kumudzi. Kwa munthu wopanda asilikali m'magazi ndi nkhani ina.

Ena mwa inu muli ndi ana kapena abale ku South Africa ndi maiko ena akutali, amene angafune kusangalatsa kholo lodwala polilipirira ulendo pa sitima zikuluzikulu za pa nyanja ya mchere. M'miyezi yotentha sitima zotere zimanyamuka ku Durban kupita ku magombe a Mozambique, ulendo wa masiku atatu kapena anayi. Zimanyamula anthu zikwizikwi, ndipo zili ndi zipinda zogona zabwino, malo odyera ndi kachipatala kokhala ndi dokotala ndi anamwino. Koma kachipatala kameneko n'kothandiza pa ngozi ndi matenda a masiku onse. Si chipatala cha khansa. Wodwala akafooka kwambiri amatsitsidwa pa doko lapafupi, m'dziko limene mwina sadziŵa chilankhulo chake, ndipo ndalama zolipira zimakhala zambiri. Inshuwalansi ya paulendo kaŵirikaŵiri siilipira matenda amene munthu adali nawo kale ngati sadawatchule pogula. Ndiponso pamene pali anthu ambiri odyera pamodzi, matenda amafala ngati moto wolusa. Kachilombo koyambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba, kotchedwa norovirus, n'kodziŵika bwino pa sitima zotere. M'chaka cha 2020 sitima ya Diamond Princess idaimitsidwa pa doko la Yokohama ku Japan, ndipo mwa anthu 3,711 amene adali m'menemo, oposa 700 adatenga matenda a COVID-19.

Kodi tinene kuti atsibweni athu adalondola? Safunsa adadya phula. Ife tidaleka kukangana tokha, ndipo ndidaperekeza achemwali kukafunsa adokotala awo. Ndinkayembekeza kuti atikalipira. M'malo mwake adatenga kalendala nayamba kuŵerenga masiku. Adati anthu ambiri olandira mankhwalaŵa amatha kuyenda, ndipo kuti mtima wosangalala umathandiza munthu kupirira chithandizo mpaka kumapeto, koma ulendo uyenera kutsata mankhwala, osati mankhwala kutsata ulendo. Adakaniratu ulendo wonse wochokera ku Monkey Bay. Adalola kuti tipite pa galimoto mpaka ku Nkhata Bay, tikakwere sitima pamenepo, pakuti kuchokera apo kukafika ku Likoma ndi maola chabe. Adati tinyamuke m'mlungu wachitatu, magazi atayezedwa kaye, ndipo tibwerere lisadafike tsiku la diripi yotsatira, chifukwa kudumphitsa mankhwala popanda chifukwa kumapatsa khansa mpata.

Malangizo ena amene tidalandira ndiwatchula pang'onopang'ono, kuti amene ali ndi pensulo alembe.

Pemphani kalata kwa dokotala yofotokoza dzina la matenda, maina a mankhwala, tsiku limene wodwala adalandira komaliza, ndi zotsatira za magazi. Kalatayo iyende pamodzi ndi buku la kuchipatala m'kachikwama kosaloŵa madzi, kamene wodwala sasiyana nako. Mankhwala akumwa, makamaka oletsa kusanza, anyamulidwe oonjezera a mlungu wina, m'mabotolo ake enieni, pakuti mphepo ingachedwetse sitima. Tengani choyezera kutentha kwa thupi, ndipo dziŵiranitu chipatala chimene chili pafupi ndi doko lililonse. Pa Likoma pali chipatala cha St Peter's. Ife tidadziŵa njira yake tisadatsike n'komwe.

Wodwala asayende yekha, ndipo ngati thumba lilola, apeze chipinda chakechake kuti asapanikizane ndi anthu otsokomola. Asambe m'manja ndi sopo asadadye ndi pochoka kuchimbudzi. Madzi akumwa akhale oŵiritsa, othira klorini, kapena a m'botolo losatsekula. Tisaiŵale kuti kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja adavutika kwambiri. Chakudya chikhale chopsa bwino ndi chotentha. Nsomba yootcha imene yakhala padzuŵa kuyambira m'maŵa, ndiwo zamasamba zosaphika ndi mazira osapsetsa, zonsezi azipeŵe. Zipatso adye zimene angasende yekha, monga nthochi.

Asasambe m'nyanja. M'malo ena muli likodzo, ndipo amene ali ndi bala la opaleshoni kapena kapaipi koloŵetsera mankhwala pachifuŵa angatengere tizilombo pamenepo. Agone m'neti usiku uliwonse, chifukwa malungo kwa munthu wa magazi ochepa ndi oopsa koposa, ndipo thupi likatentha sitingadziŵe tokha ngati ndi malungo kapena tizilombo ta m'magazi. Mankhwala ena a khansa, monga fluorouracil, amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuŵa, ndipo pamadzi dzuŵa limaŵala kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mthunzi n'zofunika. Asakhale pansi maola ambiri osayendako, pakuti khansa imachititsa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Mwendo umodzi ukatupa ndi kuŵaŵa, kapena akayamba kubanika, apite kuchipatala msanga. Kwa opita kunja, katemera wa yellow fever, amene maiko ena amafuna, ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, choncho saperekedwa kwa munthu amene akulandira mankhwalaŵa. Dokotala amalemba kalata yofotokoza chifukwa chake.

Tsono ndikuuzeni mmene zidathera kwathu. Ulendo woyamba udalephereka. Titamanga kale katundu, magazi adaonetsa kuti asilikali adali akadali ochepa, ndipo adokotala adati tisanyamuke. Achemwali adalira usiku umenewo, ndipo atsibweni, m'malo monena kuti adatichenjeza, adakhala nawo pakhonde mpaka tambala woyamba. Patapita milungu itatu magazi adakwera, ndipo tidanyamuka, atsibweni omwewo atanyamula chigubu cha madzi oŵiritsa.

Sindinganame kuti zonse zidali zosalala. Achemwali adasanza kaŵiri pa sitima, ndipo potsika tidachita kuwanyamula kuti asaponde m'madzi. Pachilumba ankatopa msanga, kotero kuti masana onse ankagona. Ine ndinkawayeza kutentha m'maŵa ndi madzulo, mtima uli m'mwamba, podziŵa kuti choyezeracho chikaloza 38 chisangalalo chathera pomwepo. Koma adaloŵa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene ntchito yochimanga idayamba m'chaka cha 1903, nakhala pa mpando umene ankakhala ali mtsikana. Amayi ena a imvi, amene adali ana awo a sukulu, adabwera kudzawaona atanyamula nkhuku ndi chinangwa. Pobwerera adandiuza kuti, "Achimwene, miyezi yonseyi aliyense wondiona amandifunsa za matenda. Kuno andifunsa za ana anga, andifunsa ngati ndimaimbabe." Tidafika kunyumba kutatsala tsiku limodzi kuti akalandire diripi yotsatira, ndipo adamaliza chithandizo chawo chonse osadumphitsa.

Sindikunena kuti wodwala aliyense angathe kuchita zomwezi. Khansa ili ya mitundumitundu, mankhwala ake ngosiyana, ndipo pali ena amene dokotala adzawauza kuti adikire mpaka chithandizo chitatha. Yankho limenelo nalonso liyenera kulemekezedwa, ngakhale likhale loŵaŵa. Chimene ndikupempha kwa inu osamala odwala n'chakuti mbale wanu akatchula ulendo, musamutseke pakamwa, ndiponso musamugulire tikiti mwamseri. Tengani kalendala, mupite naye kwa dokotala wake, muŵerenge masiku pamodzi. Ndipo kwa inu odwala amene mukundimvera muli gone, nenani poyera chimene mtima wanu ukufuna, pakuti abale anu sangalote.