Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Alimi ku Flamborough, Hamilton



Mwandiuza kuti ndalama zimene mwakhala mukusonkha zatsala pang'ono kukwana, ndipo maso anu ali pa telehandler, makina aja okhala ndi mkono wotambasuka onyamulira mabelo a udzu, matumba a feteleza ndi manyowa. Ndakondwa kuti nkhaniyi tikukambira muno mu Hamilton, mzinda umene unapanga zida zaulimi kwa zaka zambiri. Fakitale ya International Harvester inayamba ntchito kuno mu 1903 ndipo inatsekedwa mu 1999. Ngakhale lero, ku Guelph, pamtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto, kampani ya Skyjack, imene imapanga makina a mtunduwu, ili ndi likulu lake.

Pempho langa ndi limodzi: musagule chifukwa cha nambala yolembedwa pambali pa makinawo. Wogulitsa adzakuuzani kuti amanyamula matani 3. Sakunama, koma zimenezo zimatheka mkono ukakhala pafupi ndi matayala akutsogolo. Amayi, mukudziwa kuti ndowa ya madzi imene mumanyamula mwaifungatira pachifuwa simungaigwire mutatambasula dzanja. Makina ambiri ofika mamita 7 m'mwamba, olembedwa matani 3, akatambasula mkono wonse kutsogolo amangokwanitsa tani imodzi ndi pang'ono. Mukapyola pamenepo matayala akumbuyo amadzuka. N'chifukwa chake m'chipinda cha woyendetsa mumakhala tchati chosonyeza kulemera kololedwa pa msinkhu uliwonse ndi pa mtunda uliwonse. Musanakambe za mtengo, pemphani tchaticho, ndipo mukhale mutayeza kale katundu wanu wolemetsetsa. Belo la udzu wauwisi wokulunga m'pulasitiki limalemera kwambiri kuposa la udzu wouma, ndipo foloko kapena baketi imene mwamangirira kutsogolo nayo ili ndi kulemera kwake kumene muyenera kuchotsera.

Mukatero, tengani tepi mukayeze chitseko cha khola. Makola akale a kuno ku Flamborough, ku Ancaster ndi ku Glanbrook anamangidwa nthawi ya akavalo, ndipo pansi pake mpofupika. Makina amene sangalowe m'khola adzakusiyani mukuwola manyowa ndi fosholo pamene ngongole mukubweza mwezi ndi mwezi. Yezaninso malo okhotera. Ubwino wake telehandler imakhota ndi matayala onse anayi, ndipo imatha kuyenda chammbali.

Pamsika wa makina ogwiritsidwapo kale ntchito mudzapeza ambiri otsika mtengo ochokera ku ntchito zomanga nyumba. Kumeneko ndi kumene anayambira, ndipo JCB ya ku England inatulutsa Loadall yake mu 1977. Koma opangidwira ntchito za pafamu, kaya a JCB, Manitou ya ku France kapena Merlo ya ku Italy, amakhala ndi matayala oluma m'matope, pokokera ngolo, ndi fani yotha kuzungulira chobwerera kuti iuluze mungu ndi zinyalala za udzu zisanatseke rediyeta. Amene mumalima m'makande a ku Binbrook mukudziwa mmene dothilo limagwirira mu Epulo chisanu chikasungunuka.

Kunena za chisanu, injini za dizilo zamakono zambiri zimafuna madzi aja otchedwa DEF, amene amauma kuzizira kukafika madigiri 11 pansi pa ziro. Funsani ngati makinawo ali ndi chotenthetsera injini, chifukwa ng'ombe zimadya mu Januwale ngati mmene zimadyera mu Julayi.

Pali china chimene ife ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique sitifunika kuphunzitsidwa. Tonse tinaonapo mathirakitala ataima pansi pa mtengo zaka ndi zaka, nkhuku zikuikira mazira pampando, chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi. Zimandipweteka mtima ndikaona ndalama za anthu osauka zikuchita dzimbiri chotero. Funsani kuti sipeya akupezeka kuti, makaniko amene amadziwa mtundu umenewo ali kutali bwanji, ndipo angabwere Loweruka kapena ayi. Mu Seputembala pitani ku Woodstock, ku Canada's Outdoor Farm Show, mukawaone makinawa pamalo amodzi ndi kucheza ndi alimi amene akuwagwiritsa ntchito kale.

Chomaliza ndi moyo wa anthu. Kuyambira mu 2006, lamulo la Ontario loteteza anthu pantchito limakhudzanso mafamu okhala ndi antchito olipidwa. Woyendetsa aphunzitsidwe, amange lamba, ayang'ane mawaya a magetsi asanakweze mkono, ndipo asanyamule munthu m'baketi. Kumanja kwa woyendetsa mkono umatchinga maso, choncho ana asamasewere pabwalo makina akamagwira ntchito.

Wapampando, makina amene ogulitsa abweretsa ali kuseri kwa khola, ndipo ndapempha kuti aliyense akwere awerenge yekha tchati. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti Tsiku la Alimi latsegulidwa.