Mpamba wa bizinesi ya pakhomo ndi nkhani ya banja lonse



Kuchokera ku Kande ndi Chintheche mpaka ku Mpamba ndi Usisya, mabanja ambiri amadalira bizinesi imene imachitikira pakhomo. Wina amayanika usipa pa thandala kuseri kwa nyumba, wina amakazinga mandasi ndi zitumbuwa, wina amasoka pakhonde, wina watsegula okala pazenera la chipinda. Ambiri mwa iwo ndi amayi. Ndalama zimenezi ndizo zimagula sopo ndi mchere, ndizo zimalipira mayeso a mwana ndi ulendo wa kuchipatala.

Bizinesi zotere zikagwa, anthu amathamangira kunena za kukwera kwa mitengo. Zimenezo ndi zoona. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira zinakwera. Koma palinso chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri pagulu: mpamba umathera m'nyumba momwemo.

Sitolo ya pa msika ili ndi chitseko ndi nthawi yotsekera, pamene bizinesi ya pakhomo ilibe. Mlamu akabwera kudzatenga shuga pa ngongole, mayi sangamukanize, poti chibale ndi fupa, sichiola. Mlendo akafika, ndiwo zimatapidwa pa usipa wogulitsa. Maliro akagwa, chopereka chimachokera m'kachikwama ka bizinesi, ndipo malonda amaima masiku angapo. Poyerekeza chabe, mayi amene ali ndi mpamba wa K100,000 napeza phindu la K20,000 pa mwezi, koma banja n'kutapa K30,000, mpamba wake udzatha pa miyezi khumi, ngakhale malonda akuyenda bwino tsiku lililonse.

Vuto lachiwiri ndi nthawi. Mayi yemweyo ndiye aviike chinangwa, asinje, aphike kondowole, atunge madzi, asamalire wodwala. Ntchito ikamuchulukira, amene amasenza beseni la mandasi kupita nalo ku msewu wa M5 ndi mwana, makamaka mtsikana. Mwanayo akajomba kusukulu lero ndi mawa, banja limapeza ndalama zochepa lero n'kutaya zambiri m'tsogolo.

Lachitatu ndi kusamvana kwa mwamuna ndi mkazi. Alipo abambo amene amathandiza akazi awo mokhulupirika, ndipo ayenera kuyamikidwa. Aliponso ena amene amalanda ndalama za malonda, kapena kuleka kugula chilichonse pakhomo ponena kuti mayi ali nazo. Ena ali ku Joni, monga amuna a boma lino akhala akupitira kuyambira kale, ndipo mayi amatsala yekha ndi ana, munda ndi ngongole. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera kulanda kapena kumana mnzako chuma ngati nkhanza, ndipo wolakwiridwa angadandaule ku ofesi ya Victim Support Unit ya apolisi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 nalonso limaletsa abale kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake.

Nyanja nayo ili ndi nyengo zake. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira asodzi salowa m'madzi, ndipo mwezi ukawala usipa umachepa. Ku Usisya, kumene msewu wochokera ku Mzuzu ndi wa mapiri ndipo umavuta nthawi ya mvula, wamalonda amadikira boti kapena sitima ya Ilala. Banja limene ladya mpamba nthawi ya zokolola za m'nyanja, nyengo yovuta ikafika limathawira kwa a katapila.

Nanga chingachitike n'chiyani? Choyamba, banja likhale pansi ndi kugwirizana kuti mpamba ndi wosakhudza. Mwini bizinesi adzipatse malipiro odziwika pa sabata, ndipo za pakhomo zizichokera pamenepo. Chachiwiri, pakhale kope lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, ngakhale mandasi awiri amene mwana wadya. Ngongole ya m'bale ilembedwe iye akuona, ndi tsiku lobweza. Kupatsa n'kuika, koma munthu apatse kuchokera pa phindu. Chachitatu, ndalama zisagone m'nyumba. Banki mkhonde, magulu a COMSIP, Airtel Money ndi TNM Mpamba zimathandiza kuti ndalama ikhale patali ndi dzanja, ndipo thumba la mavuto la m'gulu ndilo lithandize pa matenda ndi pa maliro. Chachinayi, abambo ndi anyamata atengeko gawo la ntchito za pakhomo, kuti mwana wa sukulu asagulitse malonda nthawi ya maphunziro.

Mafumu ndi makomiti a VDC ali ndi udindo waukulu pa nkhaniyi. Mayi amene wakana kubwereketsa mpamba wake asatchedwe woumira pamudzi. Mfumu ikanena poyera kuti ngongole ya pa okala ndi ngongole ngati ina iliyonse, abale adzayamba kubweza. Nkhaniyi ikambidwe pa misonkhano ya m'midzi mwezi uno, amayi ndi abambo ali pamodzi.