Mtima Wodwala Umadziulula pa Chitunda

Nkhani yanga ndi ya mtima, mnofu uja ukugunda m'chifuwa mwa aliyense wa ife pano.

Mtima umapopa magazi a thupi lonse, komatu nawonso uli ndi mitsempha yake youdyetsa, yopyapyala ngati kachubu ka inki ka m'kati mwa bolopeni. Mitsempha imeneyi ikayamba kuphimbika ndi mafuta, munthu wokhala pakhonde samva kanthu, pakuti magazi ochepa amene akudutsawo amamkwanira. Ngakhale makina olemba kagundidwe ka mtima, otchedwa ECG, kawirikawiri sapeza cholakwa pa munthu wogona pabedi. Koma munthu yemweyo akakwera zitunda za ku Namizimu atasenza nkhuni, kapena akamakoka khoka pamchenga, mtima umafuna magazi ochuluka, njira n'kukhala yochepa. Pamenepo chifuwa chimalemera ngati wina wasanjikapo mwala, ululu n'kutsikira ku dzanja lamanzere kapena kukwera ku chibwano. Akaima pang'ono, zonse zii.

Dokotala wa ku London, William Heberden, anafotokoza nthendayi m'chaka cha 1768, ndipo anaona kuti imagwira anthu poyenda, makamaka pokwera mtunda ndiponso atangomaliza kudya. Tsono anzake a pambuyo pake anaganiza zobweretsa chitundacho m'chipatala. Mu 1929 Arthur Master wa ku New York anayamba kukweretsa odwala masitepe awiri mobwerezabwereza. Mu 1963 Robert Bruce wa ku Seattle anakonza njira imene ikutsatidwa mpaka lero: wodwala amayenda pa lamba woyendetsedwa ndi magetsi, mawaya a ECG ali pachifuwa, ndipo mphindi 3 zilizonse lambayo amawonjezera liwiro ndi kupendekeka. Dokotala amaimitsa makinawo ululu ukayamba, kapena mizere ya papepala ikasonyeza kuti mtima ukusowa magazi, kapena kugunda kukafika pa muyeso wake. Muyesowo amaupeza pochotsa zaka za munthu pa 220, natenga magawo 85 pa 100. Kwa bambo wa zaka 60, ndiye kuti kugunda ka 136 pa mphindi.

Kuyesa kumeneku sikunena zoona nthawi zonse iai. Kumaphonya odwala ena, ndipo kumatha kuopseza munthu wabwinobwino, makamaka mwa amayi. Chifukwa chake dokotala wanzeru amayamba ndi kumvetsera.

Apa ndi pamene pali mbali yathu. Makina otere sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumudzi, koma ife a kunyanja kuno ntchito imatiyesa tsiku ndi tsiku, ndipo zotsatira zake timazibisa. Timati ndi chilungulira, timati ndi ukalamba, timwa soda n'kukhala chete. Mukapita ku chipatala cha St Martin's musangoti "chifuwa chikupweteka", pakuti mau amenewo amapangitsa munthu kuganiza za TB kapena chibayo. Nenani bwinobwino: ululu umayamba mukuchita chiyani, mutayenda mtunda wotani, umathamangira kuti, ndipo umatha patapita mphindi zingati mutapumula. Ndi mau amenewo dokotala adzaona ngati nkoyenera kukutumizani ku boma ku Mangochi, ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ena amati iyi ndi nthenda ya azungu ndi mabwana a m'tauni. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sanali kudziwa. BP, shuga ndi fodya ndizo zimawononga mitsempha ija, kaya munthu ali ndi galimoto kaya bwato.

Chimodzi ndikupempheni: wina asachoke pano n'kukathamanga pachitunda kuti adziyese yekha. M'chipatala amayesa dokotala ali pambali ndi mankhwala ake. Ndipo ngati ululu wabwera mutangokhala, kapena sukutha mutapumula, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche. Abale apeze njinga yamoto kapena galimoto, mupite ku chipatala ola lomwelo.